Kwa achemwali ofunsa za social work ndi public health

Achemwali, funso lanu ndaliona kuyambira mmawa ndipo makomenti ambiri akungoti "apite ku unamwino basi" pomwe inu simunafunse zimenezo. Mwati mwana wanu wakhoza bwino MSCE, mtima wake uli pa social work kapena public health, koma achibale akumuuza kuti makosi amenewa alibe ntchito, nde mukufuna kudziwa komwe angaphunzire kufupi ndi Blantyre kuno komanso ngati mwayi ulipodi. Ine ndimagwira ntchito ya kafukufuku wa zaumoyo mmadera mtauni muno, anthu a mbali ziwiri zonsezi ndimayenda nawo, nde mundilole nditalikitseko.

Tiyambe ndi masukulu chifukwa anthu akusakaniza. Ija tinkaitcha College of Medicine, pa msewu wa Mahatma Gandhi kufupi ndi Queens, inayamba mu 1991, ndipo mu 2021 UNIMA itagawidwa anaiphatikiza ndi Kamuzu College of Nursing nkukhala KUHeS. Mmenemo ndi momwe muli School of Global and Public Health, komwe kuli MPH ija mumamva anthu akuitchula. Koma MPH ndi masitazi ya public health, amalowa munthu oti digiri yoyamba ali nayo kale, ambiri amakhala ali pantchito, madokotala, anamwino, a zakudya, ngakhale a social work omwewo. Mwana ochokera ku Fomu 4 khomo lake lapafupi ndi Environmental Health ya ku MUBAS, Poly yakale ija. Otuluka kumeneko ndi aja amayang'anira ma HSA, alangizi a zaumoyo a mmadera aja, kuyeza madzi a pa mjigo ndi pa kiyosiki, kuyendera mabutchala ndi malesitilanti, kutsata komwe matenda ayambira akabuka. Social work ndiye ili ku Catholic University ku Nguludi, ili ku UNIMA ku Zomba, komanso kuli Magomero College ku Chiradzulu, ya boma, yomwe kwa zaka zambiri yakhala ikuphunzitsa alangizi a chitukuko ndi a zosamalira anthu. Magomero musaipeputse ayi, anthu ambiri amene akugwira ntchito mma ofesi a social welfare anadutsa kumeneko ndipo ntchito ya kumudzi amaidziwa kuposa ena a madigiri.

Kumayunivesite a boma amalembetsa kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo pofunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, koma kwa Environmental Health ayang'anitsitsa Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. NCHE yomweyo imatulutsa mndandanda wa masukulu ndi makosi ovomerezeka, chonde muuone musanalipire ngakhale tambala. Mtauni muno muli timakoleji tina pamwamba pa mashopu tolemba chikwangwani chachikulu kuti "Public Health" ndi "Community Development", mwana amatha zaka ziwiri makolo akugulitsa mbuzi, pepala lake nkukakanidwa pa intaviyu. Zimandiwawa kwambiri chifukwa amene amagwa mmenemo ndi ana a mabanja osauka. Ndipo loni ya ku Loans Board, HESLGB ija, imapita kwa ophunzira a masukulu ovomerezeka okha.

Tsono za ntchito, achibale anuwo sakunama zonse. Boma sililemba chaka chilichonse, ndipo mabungwe ambiri amalemba pa kontirakiti, pulojekiti ikatha iwenso watha. Kumayambiriro kwa 2025 America itaimitsa thandizo la USAID anzathu ambiri anabwerera kunyumba, ena a masitazi omwe. Koma kunena kuti ntchito kulibe ndi bodza, ntchito yake ndi yochuluka kuposa anthu, chovuta ndi ndalama zolipirira komanso khomo lolowera. Tangokumbukani kolera ya 2022 mpaka 2023, inapha anthu opitirira 1,700 dziko lonse, masukulu a mu Blantyre ndi Lilongwe mpaka anachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Kolerayo isanathe kunabwera namondwe Freddy mu Malichi, phiri la Soche nkukokolokera pa Chilobwe. Amene analowako mmakampu a mmasukulu nthawi imeneyo anaona mmene wa zaumoyo ndi wa social welfare amagwirira ntchito. Pakhomo pa kalasi pali wa zaumoyo ndi ndowa ya kolorini, akuthira mzigubu za amayi mmodzimmodzi, akuwerenga kuti zimbudzi zilipo zingati pa anthu onsewa, akufunsa ngati pali amene watsegula mmimba usiku. Pakona la kalasi yomweyo pali wa social welfare wakhala pa desiki ya ana ndi kope lonyowa, akulemba mwana amene wafika yekha, dzina la mayi ake, komwe amakhala, akuonetsetsa kuti atsikana sakugona chipinda chimodzi ndi abambo achilendo komanso kuti ogawa ufa asamapemphe zina. Onsewa anali ochepa, ndipo palibe amene akanagwira ntchito ya mnzake.

Chimene ine ndikufuna mumve ndi ichi, mu ntchito zimenezi pepala lokha silikutengera patali, amene amalembedwa ntchito ndi aja anayamba kukhudza ntchito akadali pasukulu. Ndipo pamenepa Blantyre ili ndi mwayi umene maboma ena alibe. Kuzungulira Queens ndi KUHeS kuli Malawi Liverpool Wellcome, Johns Hopkins Research Project, Blantyre Malaria Project, Malaria Alert Centre, onsewa amachita kafukufuku ndipo kafukufuku amafuna anthu a mmadera, ofunsa mafunso, otsata odwala kunyumba, ofotokozera mafumu ndi makolo. Katemera wa tayifodi amene ana analandira dziko lonse mu 2023 anayesedwa konkuno, ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira 2018, pa ana pafupifupi 28,000. Mukuganiza anayenda khomo ndi khomo ndi ndani kukambirana ndi makolo aja? Si maprofesa ayi, ndi achinyamata ngati mwana wanuyo, ndipo mwa anthu oyamba motero ndi momwe mumatuluka otsogolera mapulojekiti, ena mabungwe omwewo amawathandiza kupitiriza sukulu.

Nde akalowa sukulu, atachimenti asaitenge ngati holide. Asankhe malo amene kuli ntchito yeniyeni ngakhale kulibe alawansi, ofesi ya social welfare ya boma, ofesi ya zaumoyo ya DHO, Chikwanekwane ya pa Queens komwe amathandiza ana ndi amayi ochitidwa nkhanza, Victim Support ya kupolisi. Aphunzire kugwiritsa tabuleti potolera data, ODK kapena Kobo, aphunzire Excel bwinobwino, kosi ya GCP, ya malamulo oyendetsera kafukufuku pa anthu, imapezeka yaulere pa intaneti ndipo a kafukufuku amaifunsa. China chimene ana athu amachinyoza, Chichewa. Munthu otha kufotokozera agogo fomu ya chilolezo mchilankhulo chawo, agogowo nkumva nkufunsanso mafunso, ameneyo timamusunga. Ndaona ana a magiredi abwino akulephera kufunsa mayi za kulera osachita manyazi kapena kumukhumudwitsa, mayi nkungoti "kaya" mafunso onse, data yonse yaonongeka.

Zolengeza za ntchito, ma intenishipu ndi masikolashipu aziona pa webusayiti ndi peji ya Facebook ya sukuluyo kapena bungwelo, komanso mu Nation ndi Daily Times, osati ma sikirinishoti ongozungulira pa WhatsApp. Aliyense onena kuti tumizani kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lilowe ndi wakuba, bungwe lenileni sililipiritsa intaviyu. Boma lilinso ndi pulogalamu ya ma intenishipu a omaliza maphunziro, alembetse ndithu, ndalama yake ndi yochepa koma amalowa mu ofesi nkudziwika. Masikolashipu akunja monga Chevening ndi Commonwealth amabwera pambuyo, Chevening imafuna zaka 2 za ntchito, nchifukwa chake timaganyu ta data timeneti asamataye makalata ake, tsiku lina angadzamuthandize.

Koma achemwali, mukhale naye pansi mwanayo mumufunse za mtima, makamaka ngati akupendekera ku social work. Si ntchito yogawa katundu ndi kujambulitsa ayi. Ndi kukhala ndi mwana wa zaka 9 amene wagwiriridwa ndi malume ake, banja lonse likufuna nkhani ithere pakhomo, iwe nkumalimbikira kuti ipite kukhoti malinga ndi Child Care, Protection and Justice Act ya 2010. Ndi kukachotsa mtsikana pa banja makolo atadya kale zaeni, ngakhale malamulo kuyambira 2017 amati osakwana zaka 18 ndi mwana. Ndi kufotokozera mudzi chifukwa chake agogo awa alowa Mtukula Pakhomo koma awa ayi, anthu akukuloza zala. Ena amabwera kunyumba osatha kudya. Public health nayo ili ndi zake koma imadalira kwambiri manambala ndi sayansi, ngati Masamu amamuvuta adzavutika ndi epidemiology, phunziro la kafalidwe ka matenda, ndi statistics. Ubwino wake njira ziwirizi zimakumana kutsogolo, wa social work atha kudzachita MPH ku KUHeS ndipo anthu otere amafunidwa chifukwa amadziwa kulankhula ndi anthu.

Pomwe akudikira kusankhidwa asangokhala, apite ku health centre ya kwanuko akapemphe kuyenda ndi HSA masiku a sikelo, kenako akacheze ku ofesi ya social welfare aone nkhani zimene zimafika pa tebulo, adzadziwa yekha komwe akukwana. Ndipo mutiuze magiredi ake a Biology, Chemistry ndi Masamu pansipa, chifukwa ndi amene anene ngati MUBAS aiike koyamba pa fomu ya NCHE kapena ayambe ndi Zomba.