Kodi parrotfish ikuwononga makorali?

Mmodzi wa owerenga wanditumizira imelo. Akuti anaona kanema wa nsomba yokongola ikuluma thanthwe la makorali (tinyama ting'onoting'ono timene timamanga matanthwe ndi zigoba zawo zolimba) pansi pa nyanja, ndiye akufunsa kuti: "Kodi nsomba imeneyi sikuwononga makorali? Nanga anthu amaitetezeranji?"

Zikomo pofunsa. Nsombayo ndi parrotfish, ndipo maso anu sanakunamizeni, imalumadi thanthwe. Koma chimene ikufuna si mwalawo ayi. Pa makorali akufa pamamera ndere, ndipo tizamoyo tina tosaoneka ndi maso timalowerera mpaka m'kati mwa mwalawo. Chakudya chake n'chimenecho. Kuti ichipeze iyenera kupala, nthawi zina kugumula kumene.

Mano ake anamatirirana n'kupanga mlomo wolimba ngati wa chinkhwe. Ikapala imasiya timizere toyera pathanthwe, ndipo osambira pansi pa madzi amamva kukukuta kwake. Kukhosi kuli mano enanso amene amagwira ntchito ya mphero. Amapera zidutswa za mwala zija, chakudya chimagayidwa m'matumbo, zotsalazo zimatuluka zili mchenga woyera mbee! Muyang'anenso kanema wanuyo, mwina muona kamtambo koyera kakutsalira kumbuyo kwa nsombayo. Pa zilumba zina za ku Maldives, m'nyanja ya Indian Ocean, mchenga wambiri unadutsa m'mimba mwa nsomba zimenezi.

Sindikubisirani: ilipo mitundu imene imadya makorali amoyo. Ina ndi bumphead parrotfish, yaikulu kuposa zonse, imene imapitirira mita imodzi kutalika. Koma mitundu yambiri imathera tsiku lonse pa malo akufa kale.

Tsono nachi chifukwa chake ndimaziikira kumbuyo. Ndere zimakula msanga, makorali amakula pang'onopang'ono. Popanda wodya nderezo, zimaphimba thanthwe lonse, ndipo ana a makorali amene amayandama m'madzi amasowa malo oyera oti akhazikikepo. Pamene parrotfish yapala ndi pamene korali watsopano angamere.

Izi zinaoneka poyera m'nyanja ya Caribbean. Mu 1983 ndi 1984 matenda anapulula tinyama ta minga italiitali totchedwa Diadema, timenenso tinkadya ndere. Ku Jamaica, kumene asodzi anali atatha kale nsomba zambiri zodya ndere, panalibe wotsala woti agwire ntchitoyo, moti matanthwe ambiri anakutidwa ndi ndere. Dziko la Belize, limene lili m'mphepete mwa nyanja yomweyi, linaletsa kupha parrotfish mu 2009, ndipo ine ndimaona kuti linachita bwino.

Komatu n'zosavuta kuzipha. Zimadya masana okha, usiku zimagona m'ming'alu ya matanthwe, zina zitadzikuta ndi thumba la mamina. Msodzi wa tochi ndi mkondo amangozipeza zili m'tulo, ndipo amayamba ndi zazikuluzikulu, zomwe ndi zimene zimapala kwambiri. Chimenecho ndiye chimandidetsa nkhawa kuposa kuluma kumene munaona kuja.