Alcindor, Maravich kapena Sanders? Nali yankho langa

Achimwene, mwafunsa kuti pa basketball ya m'makoleji a ku America tiike ndani pamwamba pakati pa Pete Maravich ndi Lew Alcindor, komanso ngati pa American football ya m'makoleji alipo amene anaposa Barry Sanders.

Ine ndikuika Alcindor, amene anadzatchedwa Kareem Abdul-Jabbar, ndipo sindikuchita kuganiza kawiri. M'zaka zitatu ali ku yunivesite ya UCLA, timu yake inapambana masewero 88 n'kugonja awiri okha, n'kutenga chikho cha NCAA (mpikisano wa makoleji a dziko lonse) mu 1967, 1968 ndi 1969. Mu 1967 akuluakulu analetsa dunk (kudumpha n'kukankhira mpira mu neti kuchokera pamwamba), ndipo ambiri amati ankafuna kumuchepetsa mphamvu iyeyo. Mnyamata mmodzi kusinthitsa lamulo!

Maravich sindikumunyoza ayi. Anagoletsa mapointi 3,667 ku yunivesite ya LSU, 44.2 pa masewero alionse, nthawi imene kunalibe mzere wa mapointi atatu (umene wogoletsa ali kunja kwake amapeza mapointi atatu m'malo mwa awiri). Koma tinene zoona, mphunzitsi anali bambo ake, Press Maravich, ndipo mpira unkangodutsa m'manja mwa mwanayo. LSU yawo sinalowe n'komwe mu mpikisano wa NCAA. Caitlin Clark wa timu ya amayi ya ku yunivesite ya Iowa anadutsa mapointi 3,667 aja mu 2024, ngakhale iye anasewera zaka zinayi pomwe Maravich anasewera zitatu.

Pa football, nyengo ya Sanders ya 1988 ku yunivesite ya Oklahoma State, pamene anathamanga ndi mpira mayadi 2,628 m'masewero 11, ndimaiona ngati yopanda inzake. Amene angakangane nanu ndi otsatira Joe Burrow, yemwe mu 2019 anaponya mipira 60 yobweretsa touchdown (chigoli cha masewerowa), timu yake ya LSU osagonja mpaka chikho. Archie Griffin anatenga Heisman (mphotho ya wosewera wopambana onse pa chaka) kawiri, mu 1974 ndi 1975, koma ine ndimamuika pansi pa awiriwa.