Musanasinthe dzina ku England, yambani mwatsegula pasipoti

Mtsikana wina wa kutchalitchi kwathu kuno ku Leeds anandikokera pambali tikutsuka makapu, mapemphero atatha. Anabwera chaka chatha pa viza yosamalira okalamba. "Anti, ndikufuna kusintha dzina. Khoti lake ndi liti?" Ndinamufunsa kuti dzinalo lakulakwira chiyani mwanawe. Nkhani yake ambirife timaidziwa. Sanasankhidwe kupita ku sekondale, choncho anabwereza Sitandade 8 ndi dzina la msuweni wake. Dzina lobwerekalo linamukakamira pa MSCE, pa chiphaso cha unzika, mpaka pa pasipoti. Pano bambo ake anatisiya, ndipo akufuna kumatchedwa dzina lawo.

Ndinamuuza kuti asavutike kufunafuna khoti. Ku England ndi ku Wales munthu wazaka 16 kupita m'tsogolo amasintha yekha dzina ndi pepala lotchedwa deed poll. Umalemba kuti dzina lakuti ndalisiya, kuyambira lero ndine wakuti, n'kusainira pamaso pa mboni ziwiri zosachepera zaka 18, nazonso n'kusaina. Basi. Mawu ake boma linaika kale pa gov.uk, aulere. Pa intaneti mupeza makampani ogulitsa pepala lomwelo, ataliveka zidindo zagolide ngati satifiketi ya ku yunivesite, koma mphamvu yake ndi imodzimodzi ndi lija mwasindikiza nokha ku laibulale.

Njira ya kukhoti ilipo kwa amene akwanitsa zaka 18. Deed poll ija mumakailembetsa ku Royal Courts of Justice ku London, mumalipira mapaundi pafupifupi 50, ndipo nkhani yanu imalengezedwa mu The Gazette, nyuzipepala ya boma. Ambiri mwa ife timathamangira imeneyi poganiza kuti chinthu chopanda chidindo cha khoti n'chabodza. Koma taganizani kawiri. Amafuna munthu wokhala kuno, wapakhomo pake, amene wakudziwani zaka khumi, kuti alumbire kuti ndinudi. Wobwera dzana am'peza kuti munthu wotereyo? Zaka zikapanda kukwana, woweruza ndiye amaona ngati angavomere. Chinanso, dzina lakale, latsopano ndi adiresi zimakhala poyera pa intaneti. Kwa mayi amene wathawa mwamuna wankhanza, kumeneko n'kudziyalutsa yekha. Akhoza kupempha woweruza kuti zina zibisidwe, koma bwanji kudziputira zonsezo pamene pepala wamba lija likukwanira? Ingofunsani kaye ku banki yanu kuti amalandira mtundu uti, poti ena amavuta. Amene muli ku Glasgow ndi Edinburgh, malamulo a ku Scotland ndi ena, fufuzani a kumeneko.

Ndiye mtsikana uja anamwetulira kuti kani n'zophweka chonchi. Apa ndi pamene ndinamukhazika pampando.

Deed poll ndi pepala la ku England. Pasipoti yanu ndi ya Malawi, ndipo pepala limenelo palokha siliigwedeza. A Home Office, amene amapereka maviza kuno, nawonso amatsata pasipoti. Dzina lili mu pasipoti yanu ndi limene amalemba pa viza, ndipo mwa lamulo lawo amafuna kuti muyambe mwakonza pasipoti ya kwanu iwo asanasinthe zawo. Makadi aja a BRP, osonyeza chilolezo chokhalira kuno, anatha ntchito pa 31 Disembala 2024, pano zonse zili pa eVisa, viza ya pa intaneti. Bwana wa ntchito kapena mwini nyumba akalowetsa pa kompyuta share code yanu, nambala ija mumam'patsa kuti aonere viza yanu, limatuluka ndi dzina la mu pasipoti. Tsono inu mwam'patsa kalata ya ku banki ya dzina lina. Mzungu sakukalipirani ayi, amangoti "tikuyimbirani," ndipo foniyo simudzaimva.

Ine izi sindinazimve kwa munthu. Banja langa litatha, mtima uli chiphwirikiti, ndinasaina deed poll kukhitchini kwanga, anzanga awiri a kuntchito ali mboni, n'kubwerera ku dzina la bambo anga. Banki inasintha, kwa dokotala anasintha, ndinamva ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Patapita miyezi ingapo kunabwera uthenga wa maliro a amayi aang'ono. Mwana wanga anandigulira tikiti usiku womwewo, ndipo analemba dzina limene ankaliona pa khadi langa la ku banki. Pabwalo la ndege mtsikana wa pa kauntala anayang'ana tikiti, kuyang'ana pasipoti, kundiyang'ana ine. Ndinatulutsa deed poll ija mu chikwama, yopindapinda. Anaiwerenga mwaulemu n'kundibwezera, akuti dzina la pa tikiti liyenera kufanana ndi la mu pasipoti. Ndinali nditavala kale chitenje m'chiuno, masutikesi awiri ali pa sikelo. Ndinagula tikiti ina ya mawa lake ndi ndalama yongongola, ndipo ku Lilongwe ndinafika anthu atabwerako kumanda.

Choncho yambirani kumudzi. Funsani ku High Commission ya Malawi ku London kuti pakali pano akufuna chiyani, chifukwa nkhaniyi imakhudza a NRB amene amapereka chiphaso cha unzika, komanso a Immigration amene amapereka pasipoti, ndipo ziwirizi ziyenera kunena chimodzi. Sizitheka sabata imodzi. Ngati viza yanu yatsala pang'ono kutha, musayambe dala, yambani mwaikonza ndi dzina lomwe lilipolo. Pasipoti yatsopano ikatuluka, ilowetseni mu akaunti yanu ya UKVI, momwe muli eVisa yanu, musanakwere ndege iliyonse, kenako muziyenda nayo kwa amisonkho a HMRC, kwa amalaisensi a galimoto a DVLA, ku banki ndi kwa abwana. Anamwino musaiwale a NMC, bungwe lolembetsa anamwino. Amene mukulota zodzakhala nzika ya Britain, dziwani kuti ofesi ya mapasipoti ya kuno imafuna dzina limodzi pa mapasipoti onse amene muli nawo, ndiye chimene mwachizemba lerocho chidzakupezani pamenepo.

Za ukwati n'zosavuta. Mkazi wotenga dzina la mwamuna safunika deed poll, mtchatho wa ukwati umakwanira. Koma nayenso pasipoti imamudikira, ndipo palibe lamulo lomukakamiza kusintha.

Pa ana ndiye pamakhala misozi. Mwana wosakwana zaka 16 sangasinthe yekha, ndipo kholo limodzi silingamusinthire mwakachetechete. Aliyense amene lamulo limamuwerengera ngati kholo ayenera kuvomera, ngakhale bambo uja anatsala ku Ndirande ndipo sanatumizepo ndi sopo yemwe. Ngati munakwatirana mwalamulo, mawu ake akadali ndi mphamvu. Akakana, apa ndiye pamafunikadi khoti la za mabanja, pa fomu ya C100, ndipo woweruza amayang'ana ubwino wa mwanayo, mkwiyo wanu sauwerengera. Nthawi zambiri makhoti sakonda kudula chingwe cha mwana ndi bambo wake, moti ena amathera pophatikiza mayina awiri onse. Mwana akafika zaka 16 akhoza kudzisainira yekha. Ndaonapo makolo akugwa mphwayi mnyamata wawo atafuna kutaya dzina lachichewa chifukwa aphunzitsi amalipotoza poitana mayina m'kalasi. Khalani naye pansi, lamulo lili kumbali yake.

Dzina lakale silifa. Fomu ya DBS, yofufuzira ngati munapalamulapo mlandu, imene aliyense wosamalira okalamba amadzaza, imafunsa mayina onse amene munakhalapo nawo, ndipo kubisa dala dzina ngakhale limodzi n'kulakwira lamulo. Ngongole nazo zimakutsatirani. Satifiketi ya MANEB idzakhalabe ndi dzina lija, choncho deed poll yanu isungeni mu envelopu imodzi ndi masatifiketi, ndipo musaine angapo tsiku limodzi, chifukwa maofesi ena safuna fotokope.

Mtsikana uja viza yake ikutha chaka chamawa. Tinagwirizana kuti adikire, akayambe za ku NRB akadzapita kumudzi pa tchuthi. Pakali pano pa baji ya kuntchito pakadali dzina la msuweni wake, koma pa ndandanda wa ophika nsima Lamlungu ndinamulemba dzina la bambo ake.