Chikalata cha atolankhani chisamakudyereni tsiku lonse

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ku kabungwe kothandiza amayi ochita mabizinesi ang'onoang'ono, cha ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Funso lawo ndi ili: "Ku ofesi kwathu tilipo ochepa, ndiye ntchito yolemba ma press release inagwera ine ngakhale sindinaphunzire utolankhani. Chikalata chimodzi chimanditengera tsiku lathunthu, ndipo ndikatumiza sindichiona paliponse, kaya pa intaneti kaya m'nyuzipepala. Kodi pali njira yachidule? Kapena ndizingogwiritsa ntchito ChatGPT?"

Mayi, zikomo polemba. Njira ilipo, koma ine ndikuona kuti kulemba kwenikweniko si kumene kukukutherani nthawi. Chikalata chabwino chopita kwa atolankhani chimakwana tsamba limodzi, ndipo munthu amene akudziwa chimene akufuna kunena amachimaliza ola lisanathe. Tsiku limathera kwina: kuyang'anizana ndi kompyuta osadziwa poyambira, kudikira abwana kuti awerenge, kusaka logo m'mafoda akale, kupempha manambala a atolankhani kwa anzanu. Ndiye tikonze kumeneko.

Musanatsegule n'komwe kompyuta, dzifunseni ngati pali nkhani. Mumzinda muno misonkhano ndi maphunziro zimachitika tsiku ndi tsiku, ku BICC, m'mahotela a ku City Centre, m'maloji a ku Area 47 ndi Area 43, ndipo aliyense wokonza amafuna atolankhani. "Tinachititsa msonkhano wa masiku atatu" si nkhani, ndi lipoti la ku ofesi. Nkhani ndi chimene chasintha pa moyo wa anthu. Yesani kumuuza mnzanu wosadziwa za ntchito yanu m'chiganizo chimodzi. Akafunsa kuti "Eti? Zachitika bwanji?" lembani. Akangoti "Ooh, chabwino," ikani zithunzi ziwiri pa tsamba lanu la Facebook, mupitirize ntchito zina. Pamenepo mwapulumutsa kale tsiku lonse.

Chiganizo chomwe mwamuuza mnzanucho ndicho chiyambi cha chikalata chanu. Ambiri timayamba motere: "Bungwe lathu, lomwe linakhazikitsidwa ndi cholinga chotukula amayi, mogwirizana ndi abwenzi athu pa chitukuko, likufuna kudziwitsa anthu onse kuti..." Mtolankhani wawerenga mizere itatu pafoni yake, sanaonebe chimene chachitika, ndipo watseka. Tiyerekeze kuti gulu lanu la amayi opanga chiponde lapeza msika. Muyambe chonchi: "Amayi 40 a ku Mgona ayamba kugulitsa chiponde chawo m'masitolo atatu a mumzinda wa Lilongwe kuyambira Lolemba, atapeza chiphaso cha Malawi Bureau of Standards." Ndani, wachita chiyani, kuti, liti, zonse zili pamenepo. Ndime yachiwiri ifotokoze chifukwa chake zili zofunika ndipo mupereke manambala. Yachitatu ikhale mawu a munthu mmodzi kapena awiri, makamaka mmodzi mwa amayiwo, osati abwana okhaokha. Mbiri ya bungwe ipite pansi penipeni, chifukwa malo akachepa mkonzi amadula kuyambira kumunsi.

Ndipo izi si zatsopano ayi. Chikalata chimene ambiri amati chinali choyamba cha mtundu uwu chinalembedwa mu 1906 ndi Ivy Lee, katswiri wofalitsa nkhani za makampani, sitima ya kampani ya Pennsylvania Railroad itachita ngozi ku Atlantic City ku America. Iye anangolemba zimene zinachitika ndi kupatsa atolankhani msanga, mphekesera zisanafale, ndipo The New York Times inasindikiza mawu akewo. Ntchito ya chikalatacho inali kufupikitsira mtolankhani ulendo. Ife tinaisandutsa malo otamandirapo mabungwe athu, n'chifukwa chake imativuta kulemba ndipo imawavuta anzathu kuwerenga.

Zinthu zimene sizisintha muzilembe kamodzi basi. Sungani fayilo imodzi, kaya mu Word kaya mu Google Docs, yokhala ndi logo pamwamba, ndime yaifupi yofotokoza bungwe lanu, dzina ndi nambala ya munthu woyankha mafunso, komanso mayina ndi maudindo a akuluakulu anu olembedwa molondola. Nthawi iliyonse mungokopera fayiloyo n'kulemba pakati. Mukayang'ana zikalata zomwe munalembapo mudzaona kuti pafupifupi zonse ndi za mitundu itatu: kuitana atolankhani ku mwambo, kulengeza zimene mwachita, ndi kupereka maganizo a bungwe pa nkhani imene ili mkamwamkamwa. Konzeranitu chigoba cha chilichonse.

Tsopano pa nkhani ya kuvomereza, pomwe ndikukhulupirira kuti ndi pamene tsiku lanu limafera. Mwalemba m'mawa, mwatumiza kwa mkulu wa pulojekiti, iye wawonjezera ndime yonse ya zolinga za pulojekitiyo. Chapita kwa dailekitala, amene ali ku msonkhano ku Capital Hill ndipo foni ili pa silent. Akatuluka masana akuti wapampando wa bodi achione kaye. Wapampando akuti dzina la opereka thandizo likhale m'chiganizo choyamba, ndipo opereka thandizowo ali ndi malamulo awo a momwe logo yawo iyenera kukhalira. Pofika 4 koloko chikalata chatalika kawiri, nkhani yakwiririka pakati, ndipo atolankhani atseka kale za tsikulo. Aliyense mwa anthuwa sanalakwitse kwenikweni. Munthu ukamupatsa pepala n'kumuuza kuti "taonani," amaona ngati ulemu wake ndi kusinthapo kanthu.

Ichi sichithetsedwa ndi luso lolemba, chimafuna kukambirana kamodzi ndi abwana anu tsiku lopanda phuma. Gwirizanani kuti wovomereza ndi mmodzi, ndipo akachoka akhalepo womuimirira. Potumiza musamati "taonani," muziti: "Bwana, ndionereni zinthu ziwiri zokha, ngati manambala ali olondola komanso ngati mawu anu ndawagwira bwino. Ndikufuna kutumiza 10 koloko." Funso lopapatiza limabweretsa yankho lachangu. Ngati opereka thandizo ali ndi mawu amene amafuna azioneka, apempheni chiganizo chawocho pachiyambi pa pulojekiti, muchiike mu fayilo ija, musamabwererenso kwa iwo nthawi iliyonse.

Mawu a abwana musamawapeke pa kompyuta, chifukwa ndi amene amatenga nthawi yaitali ndipo amamveka ouma. Apempheni akutumizireni voice note ya mphindi imodzi pa WhatsApp, akuyankha funso limodzi, monga lakuti "izi zisintha chiyani kwa amayiwa?" Mvetserani, tengani ziganizo ziwiri zomveka ngati munthu akulankhula. Kuvomereza sikuvuta chifukwa ndi mawu awo omwe. Chitaninso chimodzimodzi ndi mayi mmodzi wa m'gulumo, mutamufotokozera kuti mawu ake ndi dzina lake zituluka ndipo iye wavomera.

Mwambo ukakhala wodziwikiratu, lembani chikalata dzulo lake. Tsiku, malo, mlendo wolemekezeka, ndalama zomwe zagwiritsidwa ntchito, zonsezi mukuzidziwa kale. Siyani mipata ya zimene zidziwike pomwepo, monga chiwerengero cha obwera, ndipo chivomerezedwe madzulo omwewo. Mwambo ukatha mumangodzaza mipatayo pafoni. Koma muonetsetse kuti zomwe munalembazo zachitikadi. Nduna ikatumiza woimirira, dzina lisinthe musanatumize.

Katumizidwe nakonso kamapha zikalata zambiri zabwino. Chizolowezi chathu ndi kusindikiza, kusainitsa, kudinda chidindo, kujambula ndi foni, kenako n'kutumiza chithunzicho. Mtolankhani amene ali m'minibasi kuchokera ku Parliament sangakopere mawu pa chithunzi, ayenera kulembanso yekha, ndipo ali ndi nkhani zina zitatu. Ikani mawu onse m'kati mwa imelo momwemo komanso mu uthenga wa WhatsApp, oti munthu angokopera. Chodindidwacho muchiphatikize pambali monga umboni, pakuti masiku ano zikalata zabodza zokhala ndi ma logo a mabungwe zimazungulira kwambiri ndipo mkonzi amafuna kutsimikiza. Pa mutu wa imelo lembani nkhaniyo, osati mawu akuti "Press Release" okha.

Zithunzi zikhale ziwiri kapena zitatu, osati makumi awiri, bandulo ndi ndalama. WhatsApp imachepetsa chithunzi mukachitumiza mwa nthawi zonse, ndiye chitumizeni ngati document kuti chifike chowala bwino moyenera kusindikiza. Lembani mayina a anthu kuyambira kumanzere kupita kumanja. Ndipo chonde, chithunzi cha anthu atandandalika kutsogolo kwa banala si chimene akonzi akufuna. Jambulani mayi akuthira chiponde m'botolo.

Za nthawi: The Nation ndi The Daily Times malikulu awo ali ku Ginnery Corner ku Blantyre, ndipo atolankhani awo a kuno amayenera kutumiza nkhani kumeneko masana asanapite patali. Chikalata chofika m'mawa chimapeza malo, chofika madzulo chimapikisana ndi nkhani za mawa, ndipo chofika Lachisanu madzulo nthawi zambiri chimangofa. Masamba a pa intaneti monga Nyasa Times ndi Malawi24 alibe makina osindikizira owadikira, koma nawonso amatenga msanga chimene chabwera chokonzeka. Musaiwale Malawi News Agency. Ali ndi atolankhani m'maofesi ofalitsa nkhani a m'maboma, ndipo nkhani zawo zimatengedwa ndi nyumba zina zofalitsa nkhani, kotero kutumiza kumodzi kumatha kufika malo angapo.

Simukufunika manambala 200. Lembani mndandanda wa atolankhani khumi kapena khumi ndi asanu amene amalembadi za bizinesi, ulimi kapena amayi. Mayina awo ali pamwamba pa nkhani zawo, werengani nyuzipepala sabata ziwiri muwadziwa. Pa imelo aikeni pa BCC kuti wina asaone adiresi ya mnzake. Pa WhatsApp dziwani kuti uthenga wa broadcast umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu, choncho dzidziwitseni kaye kwa aliyense. Kuwaponya m'gulu osawapempha kumangowakwiyitsa.

Amayi amene mukuwatumikira ambiri amamva nkhani pa wailesi, Zodiak, MBC, Times ndi mawailesi a m'madera, ndipo amazimva m'Chichewa. Ndiye konzani kachikalata kachiwiri ka ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Musamasulire cha Chingerezi chija mawu ndi mawu, chimatenga nthawi ndipo chimatuluka chokhota. Chitsekeni, munene nkhaniyo mokweza ngati mukuuza azakhali anu, mulembe zimene mwanenazo. Phatikizanipo voice note ija ngati inajambulidwa pamalo opanda phokoso, chifukwa wa pa wailesi amafuna liwu la munthu.

Nanga ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti ija imene imalemba yokha ukaifunsa? Gwiritsani ntchito, koma pa malo ake. Imathandiza kufupikitsa chimene mwalemba kale, kukonza galamala ya Chingerezi, ndi kukupatsani mitu ingapo yoti musankhepo. Mukaiuza kuti ilembe yokha kuyambira pachiyambi, imadzaza tsamba ndi mawu okoma opanda kanthu, imatha kupeka manambala, ndipo imaika mawu m'kamwa mwa abwana amene sanawanene. Nthawi imene mwapulumutsayo mudzaithera pofufuza mzere uliwonse. Chichewa chake nachonso chimafunika kuchikonza kwambiri, mwina kuposa kulemba nokha. Komanso musamaikemo mayina, manambala a foni kapena ngongole za amayi anu. Dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo zinsinsi za anthu amene anakukhulupirirani si zoponya paliponse.

Mwanena kuti simuchiona chikalata chanu paliponse. Mwina mukuyembekezera kuchiona chonse momwe munachilembera, monga zija zimadzaza theka la tsamba m'nyuzipepala zili ndi logo ndi siginecha. Zimene zija ndi malonda, eni ake amalipira malowo. Chotumizidwa kwa mtolankhani ndi poyambira pake chabe: atengapo ndime ziwiri, aimbira munthu wina kuti amve mbali ina, nkhani ituluka m'dzina lake. Ngati mukufuna mawu anu onse aoneke osasinthidwa, aikeni pa webusaiti yanu kapena pa Facebook tsiku lomwelo, ndipo ulalo wake muuike pansi pa imelo.

Nambala imene mwalemba pansi pa chikalata ikhale ya munthu amene ayankhedi foni tsiku limenelo ndipo ali ndi chilolezo cholankhula. Ngati dailekitala akhala m'misonkhano mpaka madzulo, pemphani kuti alole inuyo kapena mkulu wa pulojekiti kuyankha mafunso okhudza manambala ndi zochitika. Mukatumiza, dikirani ola limodzi, kenako imbirani atolankhani awiri kapena atatu amene mukuwafuna kwambiri, muwafunse ngati alandira komanso ngati angafune kukaonana ndi amayiwo komwe akugwirira ntchito.