Mwana ali m'selo: kodi tithamangire ku ConCourt?

FUNSO: A Loya, mwana wanga wa zaka 22, kondakitala wa minibasi, lero wakwanitsa masiku 9 ali m'selo. Akuti anaba foni ya pasenja. Kukhoti sanamutengereko, ndipo ndikafunsa za bondi amangoti wapolisi wogwira mlanduwo wachokapo. Anzanga kumsika akuti ndikadandaule ku ConCourt poti ufulu wake waphwanyidwa. Kodi n'zoona?
Mayi wa ku Chawama

YANKHO: Pepani amayi. Kuyenda ndi nsima m'kontena mmawa ndi madzulo masiku 9 si zocheza. Kuti ufulu wake waphwanyidwa, anzanuwo sananame. Koma khomo akulozeranilo si limenelo.

Ambiri amasokonezeka pamenepa, ngakhale ophunzira zamalamulo a chaka choyamba. ConCourt, kapena kuti Constitutional Court, ndi khoti limene linabwera ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko la Zambia kumene a Edgar Lungu anasainira mu Januwale 2016. Ntchito yake ndi kumasulira malamulowo ndi kuweruza milandu monga ya chisankho cha pulezidenti. Mukukumbukira dandaulo la a Hakainde Hichilema chaka chomwecho, lija linatayidwa masiku 14 atatha asanalimve n'komwe? Kunali kumeneko.

Koma gawo la ufulu wachibadwidwe, lotchedwa Bill of Rights, silinakhudzidwe. Ilo silisinthika ndi aphungu okha, limafuna riferendamu, voti ya dziko lonse. Tinavotadi pa 11 Ogasiti 2016, ndipo ambiri mwa ovotawo anati inde, koma amene anaponya voti sanafike theka la anthu oyenera kuvota monga lamulo limafunira. Choncho gawolo linatsala mwakale, pamodzi ndi ndime 28 imene imati wophwanyiridwa ufulu apite ku High Court. Ine zimandinyansa ndithu kuti khoti lotchedwa la malamulo aakulu silingamve nkhani ya mnyamata wotsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, koma ndi mmene tinazilembera.

Tsono za mwana wanu. Ndime 13 imati womangidwa aonekere kukhoti mosazengereza. Lamulo la kazengedwe ka milandu limatinso ngati sizitheka m'maola 24, mkulu wa polisiyo aunike nkhaniyo, ndipo ngati mlandu suli waukulu amutulutse pa bondi. Bondi ya kupolisi ndi yaulere. Wina akakunong'onezani za "kadrinki", musatulutse ngakhale ngwee.

Mawa musaimenso pakauntala. Pemphani kuonana ndi officer-in-charge mwiniwake, mkulu wa polisiyo, mutatenga anthu awiri omuimira, aliyense ndi chitupa chake cha NRC ndi umboni wa kumene amakhala kapena kugwira ntchito. Lembani papepala tsiku ndi ola limene anamangidwa.

Akakanabe, pitani ku Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza amene sangathe kulipira loya, mukapemphe loya. Iye angakasume ku High Court pempho la habeas corpus, lokakamiza apolisi kubweretsa mwanayo pamaso pa jaji ndi kufotokoza chimene akumusungira. Pa zaka zanga pantchitoyi ndaona kangapo kuti mapepala akangofika kupolisi, wapolisi uja anachokapo amapezeka tsiku lomwelo.