Edward, Edwin ndi Edith ndi mayina apachibale

Mwafunsa ngati Edward, Edwin ndi Edith ali pachibale poti onse amayamba ndi "Ed". Eya achimwene, muzu wake ndi umodzi. Ndi mayina a Chingerezi chakale, cha nthawi ya Anglo-Saxon, ndipo lililonse linkalumikizidwa kuchokera ku mawu awiri. Loyambalo, "ead", ndi chuma kapena mwayi. "Weard" ndi mlonda, choncho Edward ndi mlonda wa chuma. "Wine" ndi bwenzi, ndiye Edwin ameneyo. Mu Edmund muli "mund", chitetezo, mu Edgar muli "gar", mkondo. Edith ndi la akazi, koma mbali yake yachiwiri ndi "gyth", nkhondo.

Mayina ambiri otere anazimiririka a Norman, anthu ochokera kumpoto kwa France, atalanda England mu 1066, makolo n'kuyamba kutcha ana awo William, Robert ndi Richard. Edward linakhalabe lotchuka makamaka chifukwa mfumu Henry III inapatsa mwana wake dzinali mu 1239 polemekeza Edward the Confessor, mfumu ya England ya nthawi ya Anglo-Saxon.

Pamene ambiri amaphonya ndi podalira kamvekedwe kokha. Edna silochokera ku "ead" ayi, limapezeka m'Chihebri, m'buku la Tobiti. Eddie ndi Ned ndi zidule chabe, tanthauzo lake mulifufuze pa dzina lathunthulo.