Mvula ikagunda malata mchimwene wanga sagona: yankho kwa mayi wa ku Phalombe

Kalata iyi inafika Lachiwiri usiku ndipo ndakhala nayo masiku anayi osayankha. Yachokera kwa mayi wina wa ku Phalombe, mphunzitsi wa pulayimale. Akuti chidutsireni namondwe wa Freddy, mchimwene wawo amene anataya mkazi ndi mwana sagona mvula ikangoyamba kugunda malata, ndipo m'mudzimo otere alipo ambiri. Akufunsa ngati kuli bwino kusonkhanitsa anthu onse kutchalitchi tsiku limodzi kuti aliyense afotokoze zimene anaona, mwina mitima n'kupepuka.

Mayi, ndachedwa chifukwa funso lanu landikumbutsa azakhali anga.

Azakhali ankakhala ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Mu Malichi 2023 matope ndi miyala zitatsika usiku, iwo anapulumuka ndi chitenje chimene anafunda chokha. Mdzukulu wawo wa zaka 6 sanapezeke. Ndinakawapeza patapita masiku atatu pasukulu ina imene inasanduka msasa, atakhala pa desiki ya ana aang'ono, mawondo atafika pachifuwa, atakumbatira ndowa yobiriwira imene anali atangolandira, mulibe kanthu. Sankalira. Ankangondifunsa kuti, "Mwanawe, nsapato zake sunazione?"

Sabata yachiwiri kunabwera anthu a bungwe lina pa galimoto zoyera, ati abweretsa uphungu. Anadzaza anthu m'kalasi, n'kumaloza mmodzimmodzi kuti anene zimene zinamuchitikira usiku uja. Mayi wina anafotokoza mmene madzi anamutsomphulira mwana kumsana. Azakhali anamva zonsezo, nawonso ananena zawo. Alendowo anajambula zithunzi, dzuwa lisanapendeke anali atapita, ndipo sitinawaonenso. Usiku umenewo azakhali anadzuka akukuwa dzina la mwana wa mayi uja, mwana amene sanamuonepo n'komwe. Anapita ku uphungu atasenza maliro amodzi, anabwerako ndi maliro a kalasi yonse.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaletsa zimenezi, zoumiriza anthu kufotokoza zoopsa zonse pa mkumano umodzi tsoka litangochitika, chifukwa kafukufuku anaonetsa kuti sizithandiza ndipo ena zimawachedwetsa kuchira. Malangizo ake a 2013 amaletsanso kupereka mankhwala ogonetsa ngati diazepam m'mwezi woyamba kwa munthu amene akusowa tulo chifukwa cha zoopsa. Azakhali mapilitsi amenewo anapatsidwa ndi mnansi wawo, mwachifundo ndithu. Ndiye yankho langa ndi lakuti ayi, mayi, musawasonkhanitse motero. Mtima wanu ndi wabwino, koma njirayo ndinaiona ndi maso anga.

Anthu ambiri akapeza pogona, chakudya ndi abale owazungulira, mantha amatha okha m'miyezi ingapo. Koma ena amatsalira momwemo: maloto oipa, kudzidzimuka chitseko chikamenyeka, kupewa njira ya kumtsinje, kusiya kulima, kachasu. Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala, pamwamba pa anamondwe Ana ndi Gombe a 2022 ndi Idai wa 2019. Otsalirawo ngakhale atakhala ochepa pa anthu 100 alionse, sangakwane ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe. Komanso ndani angavomere kupitako? Dzina la Zomba tinalisandutsa chitonzo, ana amanyozana nalo pamasewera. Nditangotchula za chipatala, azakhali anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ine sindine wamisala, ndikungoganiza kwambiri."

Mawu amenewo, kuganiza kwambiri, ndi omwewo amene a Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo ku Zimbabwe, anayambirapo. M'Chishona amati kufungisisa. Iwo anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa zipatala zazing'ono za ku Harare, kuyambira ku Mbare, n'kumakumana ndi munthu mmodzi maulendo 6, kumuthandiza kusankha vuto limodzi ndi kupeza pogwira. Amati Friendship Bench. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti amene anakhala pa benchiyo anapeza bwino kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. WHO nayo ili ndi njira yotchedwa Problem Management Plus, ya maulendo 5, imene inayesedwa ku Peshawar ku Pakistan ndi ku Nairobi, yoperekedwa ndi anthu wamba ophunzitsidwa. Ku msasa wa Nakivale ku Uganda, othawa kwawo anaphunzitsidwa kuthandiza anzawo a ku Rwanda ndi Somalia kufotokoza mbiri ya moyo wawo pang'onopang'ono, awiriwiri, maulendo angapo. Kufotokoza zoopsa kumachiritsa ndithu, koma munthu akafuna yekha, kwa munthu mmodzi wodziwa pomuimitsa, amene adzabwerenso sabata yamawa.

Apa ndiye pamene mtima umandiwawa. Njira zilipo, zinayesedwa, sizodula. Chimene chimatigwetsa ndi kafalitsidwe kake. Maphunziro a masiku atatu ku hotela ya kunyanja, alawansi, satifiketi, basi. Palibe wobwera mwezi wamawa kudzafunsa wophunzitsidwayo kuti zikuyenda bwanji, wakumana ndi zotani, nanga iye mwini akugona? Agogo a ku Harare ali ndi owayang'anira amene amakambirana nawo nkhani zovuta. Popanda zimenezo, satifiketi imangokongoletsa khoma. Ine ndikadakonda ndalama za hotelazo zipite kwa alangizi a zaumoyo ndi anamwino a m'midzi, ndi mafuta a njinga yamoto ya wowayendera.

Za pemphero sindikutsutsa. Amayi a Mvano ndi amene ankagona ndi azakhali mosinthana miyezi iwiri yoyamba. Koma amene anawadzutsa pamphasa ndi namwino wina wa pachipatala chaching'ono amene ankawaona Lachinayi lililonse. Anawaphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mtima ukayamba kuthamanga. Analemba nawo papepala mavuto amene angathe kuchitapo kanthu, monga lendi ndi mpamba, n'kuwasiyanitsa ndi amene sangasinthe. Sabata yachinayi azakhali anakapikula tomato. Mvula yamphamvu mpaka lero imawadzutsa, koma amakhala tsonga, n'kupuma, n'kugonanso.

Ndiye muchite chiyani?

Pitani kuchipatala cha boma cha Phalombe mukafunse namwino kapena kiliniko ofisa woona za matenda a maganizo, mumuuze za mchimwene wanu ndi enawo, ndipo mufunse ngati pali ophunzitsidwa uphungu wa maulendo angapo. Kutchalitchi kumanani pa ntchito, kuumba njerwa, kuphika, kuimba, wofuna kulankhula alankhule yekha. Mchimwene wanuyo mumufunse mosabisa ngati amaganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Akati inde, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a m'munda ndi zingwe m'nyumba, ndipo mupite naye tsiku lomwelo. Mvula yoyamba ikamadzagwa chaka chino, wina wa pabanja adzagone kwawoko, nyali ili chiyakire.